Munthu wavulala, chipatala chili kutali: mafunso ndi mayankho pa thandizo loyamba

Mafunso awa ndi omwe anthu amandifunsa kawirikawiri tikakhala pansi kuphunzitsana za thandizo loyamba, kaya ndi achinyamata a kumpingo, amayi a banki mkhonde kapena anyamata a kabaza pa siteji. Ndawalemba mmene amafunsidwira. Ndikuganizira za malo omwe ambulansi singafike msanga: kumunda, kudimba, pamsewu pakati pa tchire, kudambwe, kunyanja.

Ine si dokotala, si nesi. Ndingathandize chiyani ine?

Zambiri ndithu. Munthu wamkulu ali ndi magazi pafupifupi malita 5 basi, ndipo mtsempha waukulu wa pantchafu ukaduka akhoza kutisiya pasanathe mphindi 5. Ubongo ukasowa mpweya kwa mphindi zowerengeka umayamba kuwonongeka. Nde taganizani, ndi dokotala uti angafike kudimba kwanu mu mphindi 5? Palibe. Mphindi zoyambirirazo ndi za munthu yemwe waima pompo, ndipo nthawi zambiri amakhala inuyo ndi chitenje chanu.

Ntchito yanu si kuchiza ayi. Ntchito yanu ndi yoti magazi asiye kutuluka, munthuyo azipuma, asazizidwe, ndipo akafike kuchipatala osawonjezeredwa kuvulala kwina panjira. Ngakhale Red Cross inayamba choncho, ku Solferino ku Italy mu 1859 asilikali zikwizikwi anasiyidwa ali gonegone nkhondo itatha, Henry Dunant anasonkhanitsa anthu wamba a m'midzi yapafupi, ambiri amayi, kuti aziwatsuka mabala ndi kuwamanga.

Ndafika pamalo a ngozi, ndiyambire pati?

Imani kaye masekondi ochepa muyang'ane. Pali magalimoto ena akubwera? Tumani munthu akaime patali mbali zonse ziwiri ndi nthambi kapena nsalu yowala, makamaka pakona kapena usiku. Injini ikulirabe? Zimitsani. Pali fungo la petulo? Wosuta fodya achoke, ndipo anthu asayandikire ndi zigubu. Mu Novembala 2016 ku Caphiridzange m'chigawo cha Tete ku Mozambique thankala ya mafuta inaphulika anthu akutunga petulo, anafa oposa 70, ena ambiri anapsa koopsa. Chonde abale, thankala ikagwa thawani, kokani ndi ana omwe.

Waya wa magetsi ukagwa pansi musayandikire, musamugwire munthu yemwe wakhudzana nawo mpaka magetsi azimitsidwe. Koma woombedwa ndi mphenzi mugwireni popanda mantha, thupi lake silisunga magetsi.

Kenako gawani ntchito. Musakuwe kuti "wina aimbe foni", aliyense amaganiza kuti mnzake waimba kale. Lozani munthu: "Achimwene a malaya ofiira inu, imbirani kuchipatala ndi kupolisi. Amayi, ndibwerekeni chitenje. Bambo, pezani galimoto." Anthu akalozedwa amachita.

Ndipo mafoni ojambulira aja abwezeni m'thumba. Munthu ali m'magazi, zovala zang'ambika, mkazi wake amve kudzera pa gulu la WhatsApp? Zimandipweteka kwambiri zimenezi. Manja omwe agwira foniwo akufunika pabala.

Ovulala ndi ambiri, minibasi yagubuduzika. Ndiyambe ndi ndani?

Mtima umathamangira kwa yemwe akukuwa kwambiri, koma wokuwayo ndekuti akupuma ndipo ubongo ukugwira. Woopsa ndi uja ali zii. Nenani mokweza kuti aliyense wotha kuyenda apite pansi pa mtengo uwo, amenewo adikira ndipo ena mwa iwo akuthandizani. Mwa otsalawo yambani ndi yemwe magazi akuchita kuthovoka, kenako okomoka omwe akupuma movutikira kapena akuchita mkonono. Othyoka mafupa koma akuyankhula bwino abwera pambuyo. Musaiwale kuyang'ana m'maudzu ndi m'ngalande, ana ang'ono amaponyedwa patali.

Magazi akutuluka kwambiri, ndichite bwanji?

Finyani. Basi mankhwala ake ndi amenewo. Tengani nsalu yoyera yomwe ilipo, chitenje, duku, malaya, ipindeni ikhale yochindikala, ikani pabala penipeni ndi kukanikiza ndi manja onse awiri mwamphamvu, thupi lanu lonse litsamire pamenepo. Ngati zovala zikubisa bala, zing'ambeni muone pomwe magazi akuchokera, chifukwa ambiri amafinya pambali magazi nkumapitabe.

Gwirani osasiya kwa mphindi 10 kapena kuposa, ndipo apa ndi pomwe ambiri timalakwitsa: timatukula nsalu pakangopita kamphindi kuti tione ngati asiya. Mukatukula mwaswa kuundana komwe magazi anayamba, ndiye mukuyambiranso. Nsalu ikanyowa musaichotse, onjezani ina pamwamba ndikukanikizabe. Bala likakhala lakuya ngati dzenje, monga m'mphechepeche kapena m'khwapa momwe simungamange, lowetsani nsalu mkati mwa balamo ndi zala mpaka lidzaze kenako kanikizani pamwamba. Zimawawa, munthu amalira ndi kukukankhani, muuzeni mwaulemu kuti "pepani, ndikudziwa zikuwawa, koma sindisiya".

Ndinaonapo izi ndi maso anga pa kamsika kena m'mbali mwa M1. Njinga yamoto inawombana ndi ngolo, mnyamata anachekeka pansi pa bondo magazi akuyenderera mpaka mu fumbi. Anthu tinazungulira, wina anali atatapa kale dothi m'manja kuti athire pabala. Mayi wina wogulitsa tomato anangomasula chitenje chapamwamba, nkuchipinda kanayi, nkugwada, nkukanikiza ndi zikhatho zonse. Wa dothi uja anamubweza ndi mawu amodzi. Manja ake anayamba kunjenjemera ndi kutopa koma sanatukule, anakwera naye pikapu ali chikanikizire mpaka kuchipatala. Tomato anamuyang'anira anzake.

Dothi, ndowe, phulusa, fodya, masamba otafuna, mafuta a mabuleki, zonsezi ayi. Siziletsa magazi a mtsempha, ndipo dothi ndi ndowe ndi momwe mumakhala tizilombo ta kafumbata.

Nanga kumanga mwendo ndi chingwe kuti magazi asadutse? Ena amati munthu amadulidwa mwendo.

Funso labwino ili, ndipo mayankho onse awiri ali ndi zoona zake. Kumanga kothina pamwamba pa bala, komwe achipatala amati tourniquet, kale ankakuletsa kwambiri. Maganizo anasintha chifukwa cha zomwe madokotala a asilikali anaona ku nkhondo za ku Iraq ndi Afghanistan, kuti ambiri omwe akanafa ndi magazi a pamkono ndi pamwendo anapulumuka atamangidwa msanga, ndipo mwendo umapirira pafupifupi maola 2 osawonongeka kwenikweni. Ku America kuyambira 2015 akuphunzitsa anthu wamba zimenezi pa kampeni ya Stop the Bleed.

Koma si za bala lililonse ayi. Ndi za pamkono kapena pamwendo pokha, pomwe magazi akuthovoka ndipo kufinya kwalephera, kapena chiwalo chaduka monga zimachitikira ndi lamba wa chigayo. Kamangidwe kake nkotere. Pezani nsalu yotambalala pafupifupi masentimita 5, chitenje chopinda chimachita bwino. Waya, chingwe chopyapyala, linya, luzi, izi zimacheka mnofu ndi mitsempha, musagwiritse. Zungulizani nsalu kawiri pamwamba pa bala, mbali yopita ku thupi, masentimita 5 mpaka 7 kuchokera pabala, osati pabondo kapena pachigongono penipeni. Mangani mfundo, ikani kamtengo kolimba pamfundopo, mangani mfundo ina pamwamba pake, ndiye potokolani kamtengoko mpaka magazi asiye. Asiye ndithu, osati kungochepa. Kumanga mofooka nkoopsa kuposa kusamanga, chifukwa magazi amalowabe m'mwendo koma osatha kubwerera ndiye amatuluka ambiri. Kamtengoko kamangirireni kuti kasabwerere.

Lembani nthawi yomwe mwamanga, pa nsalupo kapena pachipumi pa munthuyo, ndi bolopeni kaya khala. Musaphimbe ndi bulangete pomwe mwamangapo, achipatala aone pompo. Ndipo musamasule panjira ngakhale akuchondereni, omasula ndi achipatala.

Mpeni kapena chitsulo chabaya ndipo chikadali momwemo. Ndizule?

Ayi. Chinthucho chikutseka mitsempha yomwe chadula, mukazula magazi amatsegukira. Ikani nsalu zopinda mbali zonse ziwiri kuti chisagwedezeke, mangani mozungulira osakanikiza pamwamba pake, pitani naye choncho. Chimodzimodzi kamtengo kapena waya m'diso, musakhudze.

Chala chikaduka, chitoleni, chikulungeni m'kansalu koyera konyowa pang'ono, ikani mu jumbo ndi kumanga, jumboyo muike m'madzi ozizira. Chisakhudzane ndi ayisi mwachindunji.

Ndikuopa kugwira magazi a munthu, za HIV bwanji?

Mantha amenewa ndi omveka ndipo musachite nawo manyazi. Khungu lopanda bala sililowetsa kachilombo. Ngati muli ndi magolovesi valani, ngati mulibe valani majumbo m'manja, kapena ikani nsalu yochindikala pakati, kapenanso wovulalayo ngati ali ndi mphamvu afinye yekha inu mukumuuza pofinya. Mukamaliza sambani ndi sopo. Magazi akakulowani m'maso, mkamwa kapena pa bala lanu, tsukani ndi madzi ambiri ndikupita kuchipatala tsiku lomwelo mukafunse za PEP, mankhwala oteteza omwe amayenera kuyambidwa pasanathe maola 72 ndipo amamwedwa masiku 28. Mufunsenso za matenda a chiwindi a hepatitis B, amenewo amapatsirana m'magazi mosavuta kuposa HIV.

Wakomoka. Timuthire madzi kapena timupepese ndi anyezi?

Zonsezo sizimudzutsa munthu wovulala, ndipo madzi akalowa mkamwa amapita m'mapapo. Gwadani pambali pake, muyitaneni mokweza, mugwireni paphewa. Akapanda kuyankha onani ngati akupuma: khutu lanu pafupi ndi pakamwa pake, maso anu pachifuwa, kwa masekondi 10. Munthu wokomoka akagona chagada lilime limagwera kukhosi nkutseka njira ya mpweya, mkonono womwe mumamvawo ndi umenewo. Kwezani chibwano chake mmwamba pang'onopang'ono, nthawi zambiri mumva kupuma kwasintha pompo. Mkamwa mukaoneka magazi, masanzi kapena mano othyoka chotsani zomwe mukuziona.

Ngati akupuma mugonekeni chammbali, bondo lammwamba lopinda kuti asagubuduke, pakamwa pakuloza pansi kuti masanzi azituluka okha. Ngati wagwa pa njinga kapena mumtengo mutembenuzeni anthu atatu kapena anayi nthawi imodzi, mmodzi atagwira mutu kuti uziyenda limodzi ndi thupi. Ena amaopa kumutembenuza chifukwa cha khosi, koma munthu yemwe akutsamwa masanzi sangadikire, kupuma ndiko koyamba.

Wa khunyu akagwa musamuike supuni kapena chala mkamwa, musamupanikize. Mchotsereni moto ndi miyala pafupi, ikani nsalu kunsi kwa mutu, akasiya kugwedezeka mugonekeni chammbali. Khunyu sapatsirana, musaope kumukhudza. Kukadutsa mphindi 5 akugwedezekabe, kuchipatala msanga.

Sakupuma nkomwe. Ndekuti basi wapita?

Musafulumire kulira. Mugonekeni chagada pamalo olimba, osati pa matiresi. Ikani chikhatho pakati pa chifuwa, china pamwamba pake, mikono yowongoka, kanikizani mwamphamvu kulowa masentimita 5 mpaka 6, mwachangu, ka 100 mpaka 120 pa mphindi. Mukakanikiza ka 30 kwezani chibwano, tsinani mphuno, muuzireni mpweya mkamwa kawiri, nkubwereranso pachifuwa. Ngati simungathe kuuzira, kanikizani kokha osasiya. Zimatopetsa, sinthanani mphindi 2 zilizonse. Nthiti ikhoza kulira, musaleke. Mwana wamng'ono dzanja limodzi, khanda zala ziwiri.

Ndinene zoona, kwa munthu yemwe wataya magazi ambiri pangozi ya pamsewu izi sizidzutsa kawirikawiri, ndipo zikakanika musadziimbe mlandu. Koma kwa womira m'madzi ndi woombedwa ndi mphenzi zimagwira ndithu. Womira yambani ndi kumuuzira mpweya ka 5, ndipo musataye nthawi kumuzondotsa kapena kumufinya pamimba kuti madzi atuluke.

Bwanji mumaletsa kumunyamula msanga? Si changu chomwe chikufunika?

Changu chikufunika, koma kanyamulidwe kathu ndi komwe kamapundula anthu. Wina wagwira mkono, wina mwendo, mutu ukulendewera, nkumupinda kuti akwane pampando wakumbuyo. Ngati fupa la khosi kapena la msana linathyoka, mtsempha wa mkati unali usanaduke, umadukira pamenepo ndipo munthu sadzayendanso.

Aliyense wagwa pa njinga yamoto, wagundidwa ndi galimoto, wagwa mumtengo kapena padenga, wagweredwa ndi khoma ngati zinkachitikira nthawi ya namondwe wa Freddy mu Malichi 2023, muganizireni kuti khosi lavulala, makamaka akamadandaula khosi, dzanzi m'manja kapena kuti miyendo sakuimva. Mmodzi agwade kumutu, agwire mutu mbali zonse ziwiri osautseka makutu, ndipo azimuyankhula kuti asatembenuke. Muchotseni pamalopo pokhapokha pali moto, madzi akukwera kapena magalimoto sangaimitsidwe. Ponyamula pezani chinthu chathyathyathya cholimba, chitseko, thabwa, benchi, mumutembenuzire pamenepo ngati chipika thupi lonse limodzi, pindani nsalu mbali zonse za mutu ndikumumangirira ndi zitenje.

Helimeti isiyeni ngati akupuma bwino, ingotsegulani galasi. Muivule pokhapokha akusanza kapena sakupuma, ndipo muvule anthu awiri, wina atagwira khosi.

Wamenyetsa mutu koma wadzuka akuti ali bwinobwino? Apitebe kuchipatala. Akayamba kusanza, kusinza, kuyankhula zosagwirizana, kapena madzi oyera ndi magazi akutuluka m'khutu kapena m'mphuno, ndi zoopsa. M'khutumo musatseke ndi thonje. Ndipo musangoti waledzera chifukwa akununkha mowa, ambiri amawagoneka kuti mowa uthe nkuwapeza mmawa atazizira.

Fupa lathyoka, tilikoke libwerere?

Musakoke, musapotokole, musathowe ndi madzi otentha. Limangeni mmene mwalipezera. Nsungwi zong'amba, timatabwa, katoni yopinda, ngakhale mpini wa khasu, kulungani ndi nsalu kuti zisamukhule, ikani mbali ziwiri kudutsa mfundo ya pamwamba ndi ya pansi pa pothyokapo, mangani ndi timizere ta chitenje. Mwendo mukhozanso kuumangirira ku unzake. Mkono ukolekeni pakhosi ndi duku. Mukamanga onani zala, zikazizira kapena kuchita dzanzi mwathinitsa, masulani pang'ono. Fupa likatulukira kunja musalibweze, phimbani ndi nsalu yoyera.

Fupa la ntchafu ndi la m'chiuno samalani nawo, magazi amatayikira mkati osaoneka, ntchafu yokha imatha kumeza lita imodzi kapena kuposa. Mukaganizira chiuno zungulizani chitenje mothina pamalo pomwe miyendo imalumikizana ndi thupi, mangani ndi mapazi pamodzi.

Akupempha madzi akumwa, akuti ludzu lamupha. Ndimukanize?

Ndikudziwa kuti kwathu kumana munthu madzi nkovuta, koma apa mukanizeni mwachikondi. Ludzu lotere ndi chizindikiro choti magazi achepa m'thupi. Onaninso izi: thukuta lozizira, m'zikhatho, m'nkhama ndi mkati mwa zikope mwayera, akupuma mwachangu, akusowa mtendere kapena akusokonezeka. Akhoza kufunika opaleshoni, ndipo madzi kapena chakudya cha m'mimba chimabwerera m'mapapo akamugonetsa. Mungomunyowetsa milomo ndi kansalu. Fanta, thobwa, tiyi ayi. Mowa woti ululu uchepe ayi. Aspirin musamupatse, amachititsa kuti magazi asaundane.

Mugonekeni pansi ndipo mufunditseni, pansi pake muyale kanthu. Anthu amadabwa ndikamanena zofunditsa mu Okutobala ku Nsanje, koma munthu wotaya magazi amazizidwa msanga, ndipo thupi likazizira magazi saundana bwino. Zovala zonyowa muvuleni. Kumbuyo kwa pikapu mphepo imamumenya, mutchingireni.

Bala la pachifuwa kapena pamimba?

Apa palibe zambiri zochita kutchire, chachikulu ndi kunyamuka. Bala la pachifuwa lomwe likuchita thovu kapena kulira mpweya musalitseke kotheratu, phimbani ndi nsalu yoyera mosathina kapena kapulasitiki komata mbali zitatu, ndipo mukaona kupuma kukuvutirapo chotsani. Ngati ali maso mulekeni akhale motsamira mmene akupumira bwino. Matumbo akatuluka, monga zimachitika ng'ombe ikamubaya munthu ndi nyanga, musawabweze mkati, phimbani ndi nsalu yoyera yonyowa kapena jumbo yoyera, mawondo apindidwe.

Mwana wagwera pamoto kapena phala lamukhuthukira. Mazira ndi Colgate zimathandiza?

Ayi amayi, chonde. Mazira, mankhwala otsukira mano, mafuta ophikira, uchi wosadziwika, inki, dothi, ubweya wa kalulu, zonsezi zimasunga kutentha mkati ndi kubweretsa mafinya, ndipo kuchipatala amayamba kaye kuzipala mwana akulira. Mankhwala ndi madzi. Thirani madzi oyera ozizira pamalo opsawo kwa mphindi 20 zathunthu, a pa mjigo ali bwino, ayisi ayi. Ngakhale padutsa ola limodzi kapena awiri zimathandizabe. Thirani popsa pokha, thupi lina lonse mufunditse, ana amazizidwa msanga makamaka mu Juni ndi Julayi pomwe ngozizi zimachuluka chifukwa chowotha moto.

Vulani mphete, zibangili ndi mikanda pasanatupe. Chovala chomwe chamatirira pakhungu chisiyeni, dulani mozungulira. Matuza musaboole. Phimbani ndi jumbo yatsopano yoyera kapena nsalu yoyera yopanda ubweya, thonje ayi. Munthu zovala zikuyaka asathamange, mugwetseni pansi mumugubuduze kapena mumukulunge bulangete.

Kuchipatala apite ngati popsapo pakula kuposa chikhatho chake, ngati ndi kumaso, m'manja, kumaliseche kapena pa mfundo, ngati khungu layera kapena lada osamva kuwawa, ndi mwana wamng'ono aliyense. Apa pokha, ulendo ukakhala wautali ndipo ali maso bwinobwino, mupatseni Thanzi ORS pang'onopang'ono chifukwa wopsa amataya madzi ambiri. Mawu akasasa kapena tsitsi la m'mphuno lawauka ndekuti wapuma utsi wotentha, khosi likhoza kutupa mkati, musachedwe.

Njoka yaluma munthu kumunda. Timange, titeme mphini, tiyamwe?

Zitatu zonsezo ayi. Tourniquet ija ndi ya magazi, si ya njoka. Ululu wa mphiri umatupitsa ndi kuoletsa mnofu, mukamanga mothina mwautsekera pamalo amodzi ndipo anthu ambiri ataya miyendo chifukwa cha chingwe osati njoka. Kutema kumangowonjezera bala, kuyamwa sikutulutsa kanthu, kamwala kakuda nakonso sikachotsa ululu womwe walowa kale. Bungwe la WHO limati njoka zimapha anthu pakati pa 81,000 ndi 138,000 chaka chilichonse padziko lapansi, ambiri alimi ndi ana, ndipo chomwe chimapha kwambiri ndi kuchedwa.

Mchotseni pafupi ndi njokayo, mukhazikeni mtima pansi chifukwa si kuluma konse komwe kumalowetsa ululu. Vulani mphete, wotchi, nsapato. Mangirirani mwendowo ku kathabwa ngati wothyoka, mosathina, kuti usagwedezeke. Asathamange, asayende ngati nkotheka, munyamuleni. Musataye nthawi kusaka njoka, ngati mwaiona fotokozani maonekedwe basi. Panjira yang'anani maso ake, zikope zikayamba kugwa, malovu kutayikira, mawu kulemera, ndekuti ululu ukugwira kupuma, mugonekeni chammbali ndipo akasiya kupuma muuzireni mpweya mpaka mukafike. Pitani ku chipatala chachikulu chomwe mungafikeko, poti mankhwala othana ndi ululu sapezeka pa kachipatala kalikonse. Zopita kaye kwa asing'anga zimadya maola omwe akufunika. Njoka yolavula ikamulavulira m'maso, tsukani ndi madzi ambiri kwa mphindi 15, asatikite.

Galu waluma, kapena ndadzitema pang'ono ndi khasu. Mpaka kuchipatala?

Eya. Bala la galu tsukani ndi sopo ndi madzi oyenda kwa mphindi 15 kenako mukafunse katemera wa chiwewe tsiku lomwelo, chiwewe chikayamba kuonetsa zizindikiro sichichizika. Bala la khasu, msomali kapena minga litsukeni ndi madzi ambiri oyera mpaka dothi lonse lichoke, phimbani, ndipo mukafunse za jakisoni wa kafumbata. Likayamba kufiira, kutentha, kununkha kapena thupi kutentha, musadikire.

Ambulansi kulibe. Timutengere pa chiyani?

Pa chomwe chilipo, bola agone motambasuka. Machira mupange ndi mitengo iwiri yolimba ndi bulangete kapena matumba a feteleza oboola pansi, yesani kaye ndi munthu wabwinobwino. Pikapu kapena lole iposa galimoto yaing'ono. Ngolo ndi njinga ya ambulansi ya m'mudzi zimathandiza mpaka pamsewu. Njinga yamoto ikhale njira yomaliza, ndipo wokomoka kapena woganiziridwa msana asakwere. Mmodzi akhale kumutu kuyang'anira kupuma, wina pabala. Muuzeni dalaivala kuti mabampu awadutse bwino, ngozi yachiwiri sitikuifuna.

Imbirani kuchipatala mukadali panjira. Mukafika nenani mwachidule: chinachitika nchiyani, nthawi yanji, anakomokapo kapena ayi, magazi anataya ochuluka bwanji, mwamanga nthawi yanji. Nthawi ndi yofunika chifukwa pali mankhwala oletsa kutaya magazi otchedwa tranexamic acid omwe amagwira akaperekedwa pasanathe maola 3. Ovulala kwambiri amatumizidwa ku chipatala cha boma kapena ku Queens, Kamuzu Central, Zomba ndi Mzuzu, choncho m'bale wopita naye atenge buku la kuchipatala ndi chofunda. Za kupolisi ndi zokambirana kuti wolakwa ndani zibwere munthu ali kale m'manja mwa achipatala.

Ndizisunga chiyani, ndipo ndingakaphunzire kuti?

Sizofuna ndalama zambiri. Kajumbo kamodzi kokhala ndi magolovesi mapeya awiri kapena atatu, chitenje chochapa ndi kusita chodula pakati, mabandeji awiri, sizasi kapena lezala latsopano, sopo, majumbo oyera, bolopeni, tochi ndi kamtengo kolimba kotalika ngati chikhatho. A kabaza ikani pansi pa mpando, a minibasi pafupi ndi dalaivala, a kumunda m'thumba lomwe mumatengera kamba. Mu foni sungani nambala ya chipatala chapafupi, ya alangizi a zaumoyo a m'dera lanu, ya polisi ndi ya munthu mmodzi kapena awiri a galimoto omwe amayankha usiku.

Kuwerenga kokha sikukwanira, manja amafunika azolowere. A Malawi Red Cross Society ndi a St John amaphunzitsa thandizo loyamba, funsani ku ofesi yawo ya m'boma lanu kapena alangizi a zaumoyo, ndipo mukapita ngati gulu, siteji yonse ya kabaza, komiti ya mpingo, aphunzitsi a pasukulu, zimaphweka. Podikira zimenezo yeserani kunyumba madzulo ano: wina agone pa mkeka, mumugoneke chammbali, mupinde chitenje mukanikize pantchafu yake wina akuwerenga mphindi 10 pa foni, kenako musinthane. Ana a sitandade 6 kupita mmwamba nawonso ayesere, poti nthawi zambiri ndi iwo amakhala ndi anzawo kudambo ndi kobusa.